Magetsi akathima, maloboti asathime nawo

Magetsi akathima m'tauni, a pamsewu amadziwira hutala. Pamphambano pamene galimoto zimapatsana mpata mwadongosolo, aliyense amayamba kusendeza yake pang'onopang'ono kuti alowe mnzake asanatseke njira. Wa minibasi wafika kale pakati, wa lole wamutsekera kutsogolo, wa kabaza akuzembera m'timipata. Mayi wobereka mwana, beseni la tomato lili pamutu, waima m'mphepete mwa msewu. Akaponda phazi limodzi pa tala akulibwezanso, chifukwa nyale imene imaimitsa galimoto kuti iye awoloke yafa pamodzi ndi zinzake. M'minibasi mumamveka mawu amene tonse tinawazolowera: "Nanga atani, poti magetsi kulibe."

Mawu amenewa amanenedwa ndi mtima wabwino, wosafuna kuloza munthu chala. Koma mkati mwake muli chikhulupiriro chakuti maloboti ndi magetsi a m'mawaya n'zosalekanitsika, kuti magetsi akachoka palibenso chimene munthu angachite. Foni imene ili m'thumba mwa wonenayo ikutsutsa zimenezi. Netiweki imakhalapobe magetsi atathima chifukwa patsinde pa nsanja za mafoni pali mabatire, kwina ndi jenereta yomwe. Maloboti nawonso angathe kusungiridwa mphamvu mwa njira yomweyo, ndipo mizinda yambiri yakhala ikuchita zimenezi kwa zaka zoposa 20.

Ambiri akamva za batire amapukusa mutu. Amati nyale zowala chonchija, zooneka ngakhale dzuwa lili paliwombo, zingamalize batire m'kanthawi kochepa. Maganizo amenewa ali ndi pochokera, pakuti kale zinalidi choncho. Maloboti akale ankayaka ndi mababu a kawaya kotentha mkati, aja amawotcha zala ukawagwira akuyaka, ndipo babu limodzi linkadya mawati pakati pa 70 ndi 150. Mphamvu yochuluka inkathera m'kutentha. Pamphambano yaikulu pamayaka nyale 15 kapena 20 nthawi imodzi, choncho mphambano imodzi inkatha kudya mawati 2,000 ngakhale kuposerapo. Zinthu zinasintha kutabwera nyale za LED. Nyale imodzi ya LED ya paloboti imadya mawati 10 mpaka 20, ndipo mphambano yonse, kuphatikizapo kakompyuta kamene kamasintha mitundu ya nyale, imakwanira ndi mawati mazana ochepa.

Tiwerengere limodzi. Batire la mavolti 12 lolembedwa 100Ah, longa limene ambiri amagula poika sola kunyumba, likadzaza limasunga mphamvu yoyendetsa chinthu cha mawati 1,200 kwa ola limodzi. Anayi otere ndi 4,800. Batire la mtovu ndi asidi silifuna kukamidwa mpaka kuuma, ndiye tingotengapo theka, 2,400. Ngati mphambano ikudya mawati 400, maloboti ayaka maola pafupifupi 6, kuchotsapo pang'ono zotayika posandutsa mphamvu ya batireyo. Mphambano ya mababu akale ija ikanamaliza mabatire omwewo m'ola limodzi lokha. N'chifukwa chake nkhani ya mabatire a maloboti inakula limodzi ndi LED. Ku California, m'dziko la America, magetsi anavuta kwambiri mu 2000 ndi 2001 mpaka ankawathimitsa mosinthanasinthana madera. Caltrans, nthambi ya boma yoona za misewu kumeneko, pamodzi ndi makhonsolo a mizinda, anali akusintha mababu kuti achepetse bilu ya magetsi, ndipo anaona kuti tsopano batire lingakwanitse ntchitoyo. Kuchokera nthawi imeneyo bokosi la mabatire pambali pa maloboti linakhala chinthu wamba kumeneko.

Mukadzaima paloboti, mudzayang'ane pakona. Pamakhala bokosi lachitsulo lofika m'chiuno kapena m'chifuwa, kawirikawiri lomatidwa mapepala a asing'anga ndi a misonkhano ya mapemphero. M'menemo ndi mmene mumayendetsedwa mphambano yonse. Kumene anaika zosungira mphamvu, m'bokosimo kapena m'linzake loyandikana nalo mumakhala mabatire, chotchajira, inveta yosandutsa mphamvu ya batire kukhala yonga ya m'mawaya, ndi kaswichi kodzisuntha kokha. Magetsi akachoka, kaswichiko kamalumphira ku batire mofulumira kuposa kuphethira kwa diso, moti dalaivala amene akudikira pa nyale yofiira saona n'komwe kuti pachitika kanthu. Akabwera kamabwerera ku mawaya, mabatire n'kuyamba kudzaza.

Ena amaopa kuti batire likamafooka maloboti angasokonezeke n'kuyatsa zobiriwira mbali zonse. Mantha amenewa ndi omveka, pakuti palibe ngozi yoipa pamphambano kuposa imeneyo. Opanga maloboti anaiganizira kale. M'mabokosi amakono muli kachipangizo kapadera kamene ntchito yake ndi kulondera kuti njira ziwiri zodutsana zisapatsidwe zobiriwira nthawi imodzi. Kakaona cholakwika, kapena mphamvu ikatsika kupitirira muyeso, kamaimitsa kusintha kwa mitundu n'kusiya nyale zikuphethira, apo ayi zimathima zonse.

Chikhulupiriro chimene chimandidetsa nkhawa kuposa cha okayikawa ndi cha anthu ofuna zabwino, kuphatikizapo amene amasaina mapepala ogulira zipangizo. Iwo amaona ngati batire likangoikidwa, nkhani yatha. Batire lili ngati mgolo wa madzi pakhomo. Mgolo sutulutsa madzi, umangosunga amene munatunga mpope ukutuluka, ndipo mpope ukauma sabata yonse mgolowo nawo umauma. Zipangizo zambiri za mtundu umenewu anazipangira kuthima kwa apo ndi apo, kwa maola awiri, anayi, mwina 8, mphepo ikagwetsera mtengo pa mawaya kapena thiransifoma ikapsa. Kuthima kwa kuno kwathu n'kwa mtundu wina. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko la Malawi n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi anakhala ogawana kwa nthawi yoposa chaka mpaka malowo atayambanso ntchito mu 2023. Ku Zambia, chilala cha 2024 chinatsitsa madzi a m'nyanja ya Kariba, kumene amapangira magetsi, mpaka panafika nthawi imene makomo ambiri ankaona magetsi maola atatu okha patsiku.

Batire la mtovu likakamidwa kwambiri limafuna maola 8 kapena kuposa kuti lidzazenso bwino. Magetsi a maola atatu sangalidzaze. Mawa lake limayamba ntchito lili theka, mkuja lake lili ndi kochepa kwambiri. Choipitsitsa n'chakuti likamakhala losadzaza masiku ambiri, mchere woyera umaumirira pa zitsulo zake zam'kati mpaka limaleka kulandira mphamvu, ngakhale mutalisiya pa chotchajira usiku wonse. Abale athu okhala ku Joni anaziona zimenezi ndi maso mu 2022 ndi 2023, pamene kampani ya magetsi ya Eskom inkathimitsa magetsi kangapo patsiku, maola awiri kapena anayi nthawi iliyonse. Mabatire a m'maloboti, a pansanja za mafoni ndi a pa mageti a nyumba sankapeza mpata wodzaza kuthima kwina kusanabwere, ndipo ambiri anafa nthawi yawo isanakwane.

Izi sizikutanthauza kuti batire ndi lopanda ntchito kwa ife. Zikutanthauza kuti wogula ayambe wafunsa kuti magetsi a dera limenelo amathima motani, asanafunse mtengo. Njira zotalikitsira mphamvu zilipo. Bokosi lija angalitchere kuti batire likatsika kufika pena pake, maloboti asiye kusintha mitundu n'kumangophethira zofiira mbali zonse. Kuphethira kumadya mphamvu yochepa, choncho kumatha maola ena angapo, ndipo dalaivala wobwera usiku amaonera patali kuti kutsogoloko kuli mphambano. Mabatire a lithiamu, makamaka olembedwa LiFePO4, amadzaza msanga, amalola kukamidwa kwambiri, ndipo amatha kudzaza ndi kutha kambirimbiri, maulendo zikwi, pamene a mtovu amatopa ndi maulendo mazana ochepa. Ndi odula pogula, koma kumene magetsi amathima tsiku ndi tsiku amabweza ndalama yawo. Pabokosi pangathenso kukhala polumikizira jenereta yonyamula, ya masiku ovuta kwambiri.

Nanga sola? Dzuwa tili nalo lambiri, ndipo mapanelo ochepa pamwamba pa mzati angadzaze mabatire masana popanda kudikira magetsi a m'mawaya. Kungoti amene amati sola ikabwera batire silifunikanso amaiwala kuti mdipiti waukulu wa galimoto umakhala m'mamawa ndi madzulo, dzuwa lili pansi, ndipo maloboti amagwira ntchito usiku wonse. Sola imadyetsa batire, siililowa m'malo. Mapanelo nawo amafuna wowapukuta fumbi la mu Okutobala, ndipo masiku a chiperoni amapereka zochepa.

Palinso amene amati mabatire a galimoto ali mbwee m'mashopu, bwanji osangotenga amenewo. Kunja amafananadi. Koma batire la galimoto analipangira kutulutsa mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa polizitsa injini, kenako galimotoyo imalidzazanso ikamayenda. Zitsulo zake zam'kati ndi zopyapyala. Mukamalikama pang'onopang'ono kwa maola ambiri tsiku lililonse, limatha m'miyezi yochepa. Ofunika paloboti ndi aja a zitsulo zochindikala, otsekedwa, osafuna kuthira madzi. Ngakhale amenewo ali ndi mdani wawo, kutentha. Zaka zimene opanga amalonjeza amaziwerengera pa madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 8 mpaka 10 pamwamba pa pamenepo, moyo wa batire la mtovu umafupika ndi theka. Ikani dzanja pa bokosi lachitsulo limene lakhala padzuwa masana a mwezi wa Okutobala ku Lilongwe, mumva nokha. Batire loyenera kukhala zaka zinayi kapena zisanu lingathe kufa m'zaka ziwiri m'bokosi lopanda mipata ya mphepo ndi mthunzi.

Ndipo batire limafa mwakachetechete. Magetsi akakhalapo, maloboti amayaka bwinobwino, palibe wodziwa kuti m'bokosimo muli mabatire otupa. Zimadziwika tsiku limene magetsi athima, maloboti n'kuthima nawo pakangotha mphindi zisanu. Pamenepo anthu amati zipangizo zimene anagula n'zachinyengo, pamene chosowa chinali munthu woti azibwera miyezi ingapo iliyonse, kudula magetsi mwadala, n'kuyesa ngati mabatire akugwirabe. Walira mvula walira matope. Khonsolo imene yalandira mabatire, kaya ogula kaya a mphatso, yalandiranso ntchito yowayesa ndi ndalama yodzawasinthira, ndipo ndalama imeneyo iyenera kulowa m'bajeti tsiku lomwelo limene akudula riboni.

Tisaiwalenso kuti si maloboti onse akufa amene afa ndi magetsi. Ena anagundidwa ndi galimoto, ena mawaya ake apansi anadulidwa ndi okumba ngalande kapena akuba kopa, ena bokosi linalowa madzi a mvula, ena chiphaliwali chinawotcha kakompyuta kaja. Batire silingachize zimenezi. Koma pali vuto limodzi losaoneka limene limachizadi. Magetsi akamaphethira, akamabwera ofooka, kapena akabwerera mwamphamvu pambuyo pothima, kakompyuta kamatha kuzima n'kuyambiranso, nthawi zina n'kukakamira pa kuphethira mpaka katswiri atabwera. Zosungira mphamvu zabwino zimasalaza magetsi oterewa asanafike ku kakompyutako. Kwa mzinda wokhala ndi akatswiri ochepa, phindu limeneli si laling'ono.

Tsopano tifike pa mawu amene amatseka pakamwa pa aliyense: "Adzaba." Apa sindingatsutse. Batire ndi katundu woyenda malonda, makamaka m'dziko limene aliyense akufuna kuwala kunyumba kwake. Johannesburg Roads Agency, bungwe losamalira mphambano za maloboti zoposa 2,000 mumzinda wa Johannesburg, linaika zosungira mphamvu m'malo ambiri, ndipo akuba anazizula zochuluka. Koma nkhani siinathere pamenepo. Mzinda wa Cape Town unapitiriza kuika, moti pofika 2023 pafupifupi mphambano zitatu mwa zinayi zilizonse za maloboti zinali ndi zosungira mphamvu. Ku Johannesburg komweko anapeza njira ina. Mu 2023 makampani monga Vodacom ku Midrand ndi Investec ku Sandton anagwirizana ndi bungwe lija kuti akoke waya kuchokera ku majenereta ndi mabatire a maofesi awo kukafika ku maloboti oyandikana nawo. Mphamvu ili mkati mwa mpanda, mlonda ali pageti, pamsewu palibe choti wakuba anyamule. Njira imeneyi ine ndimaiona kuti ingatheke kwathu kuno. M'matauni mwathu, mphambano zambiri zotanganidwa zayandikana ndi banki, sitolo yaikulu kapena malo omwetsera mafuta, ndipo onsewa jenereta yawo imalira magetsi akangothima. Mawati 400 kwa jenereta yotere ndi kanthu kochepa kwambiri. Kumene kulibe woyandikana naye wotere, pali mabokosi a konkire, maloko obisika, ma alamu otumiza uthenga pafoni chitseko chikatsegulidwa, ndi kudinda dzina la khonsolo pa batire lililonse. Ndipo ife amene timagula batire lotsika mtengo modabwitsa kwa munthu wosadziwika, osafunsa kumene lachokera, tili nawo mbali pa mdima wa pamphambano.

Ena amati zonsezi n'kutaya ndalama, apolisi apamsewu alipo. Wapolisi waluso ataima pakati pa mphambano amayendetsadi galimoto bwino, nthawi zina kuposa maloboti, chifukwa amaona mbali imene yadzaza. Koma magetsi amathima m'dera lonse nthawi imodzi, osachenjeza, ndipo wapolisiyo kuti afike pamalopo ayenera kudutsa mu mdipiti womwewo. Usiku ndi pamvula, kuima pakati pa msewu wopanda kuwala n'kuika moyo pachiswe. Ku Johannesburg, kampani ya inshulansi ya OUTsurance yakhala ikulipira anthu ophunzitsidwa kuwongolera galimoto kuyambira 2005, komabe m'masiku a kuthima kwakukulu sanakwanire, mpaka anyamata ogona m'misewu ndi amene ankaima pamphambano zambiri n'kumakupiza manja. Ngakhale kumaiko olemera, kumene ambiri amaganiza kuti maloboti sathima, zimachitika. Pa 28 Epulo 2025 magetsi anathima pafupifupi m'dziko lonse la Spain ndi Portugal, ndipo maloboti a ku Madrid ndi Lisbon anafa, misewu n'kutsekeka.

Amene amati madalaivala amamvana okha akunena zoona pang'ono. Masana, galimoto zikuyenda pang'onopang'ono, amamvanadi, ndipo zikagundana kumakhala kukandana kwa mabampala. Amene amatsala kunja kwa kumvanako ndi woyenda pansi, mwana wasukulu, wokalamba, wa njinga yakapalasa. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, a njinga zakapalasa ndi a njinga zamoto. Pamphambano yakufa wamkulu ndiye amadutsa. Usiku n'koopsa kwambiri, chifukwa dalaivala wa msewu waukulu amatenga mdima wa maloboti ngati chilolezo, ndipo mlendo sadziwa n'komwe kuti pali mphambano. Ku South Africa ndi m'madera ambiri a ku America lamulo limanena mosabisa kuti maloboti akafa, galimoto iliyonse iime kaye, kuchokera mbali iliyonse, ndipo wofika poyamba ndiye ayambe kudutsa. Khalidwe limeneli silifuna batire, ndipo lidzafunikabe ngakhale mabatire atabwera, pakuti tsiku lina adzatha magetsi asanabwere.

Sikuti mphambano iliyonse ikufunika mabatire. Pena pamene malo alipo, raundabauti imagwira ntchito popanda waya uliwonse, ndipo a ku Lilongwe amazidziwa bwino. Koma pakati pa tauni, pamene nyumba zapanikiza msewu ndipo anthu owoloka ndi ambiri, maloboti sangalowedwe m'malo. Pamenepo ndi poyambira: mphambano za pafupi ndi sukulu, chipatala, msika ndi depoti, ndi zija za misewu ikuluikulu zimene galimoto zimafikapo zikuthamanga. Ndi bwino kukhala ndi mphambano zisanu za mabatire oyesedwa ndi otetezedwa kusiyana ndi makumi awiri za mabatire amene palibe akuwakumbukira.

Kwa makhansala ndi mainjiniya a m'makhonsolo athu, pempho langa ndi ili: pogula maloboti atsopano, nyale zikhale za LED, mabatire akhale m'pangano lomwelo, tsiku lowaika lilembedwe pa batire lililonse, ndipo pakhale munthu wodziwika dzina amene ntchito yowayesa ili m'manja mwake. Kwa eni mabanki, masitolo ndi malo omwetsera mafuta oyandikana ndi mphambano, pitani kukhonsolo mukafunse za waya uja. Ndipo inu a dalaivala, mukafika pa maloboti akufa, imani kaye, muyang'ane woyenda pansi, mumulole awoloke.